Mwana wolemera ngati paketi ya shuga

Inu amalonda kulemera kwa paketi ya shuga mumakudziwa. Tsono taganizirani mwana wa munthu wosafika paketi imodzi ndi theka. Achipatala amati khanda lobadwa losakwana magalamu 1,500 lili pa chiopsezo chachikulu, ndipo ambiri otere ndi aja obadwa masiku asanakwane. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ana 18 mwa 100 alionse akubadwa nthawi isanafike.

Nkhani yanga lero ndi magazi a ana amenewa. Kakhanda ka kilogalamu imodzi kamakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 90 thupi lonse. Botolo la Fanta ndi mamililita 300. Gawani nokha.

Magazi ochepawo sachedwa kutsika. Ayironi wopangira magazi mwana amamutenga kwa mayi ake makamaka m'miyezi itatu yomaliza, choncho wobadwa pa miyezi 7 wachoka pamsika asanapikule katundu. Maselo ofiira a ife akulu amakhala masiku 120, a iye amafa isanathe miyezi iwiri, ndipo thupi lake silinakhwime kuti lipange ena msanga. Komanso poti ndi wodwaladwala, anamwino amamutenga magazi kawirikawiri kukayeza. Kuyezako n'kofunika, sindikutsutsa ayi, koma madontho ochepa kwa iye ndi chuma.

Tiyeni titsikire ku Rivirivi, m'boma la Balaka lomwe lidapatuka ku Machinga mu 1998. Kumeneko n'kotentha, udzudzu ndiye osanena. Malungo akagwira mayi woyembekezera amamuthera magazi, amaononga nsengwa, mwana n'kubadwa msanga ali wochepa. Malawi lidali dziko loyamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera, mu 1993, ndipo kusikelo amaperekanso mapilitsi owonjezera magazi. Koma mayi woyamba sikelo mimba ili ndi miyezi 6, ati kuopa kuti anthu angadziwe, wachedwa kulandira zonsezi. Kamtsikana kotenga mimba thupi lisanakhwime, kapena mayi wa mapasa, vuto limakulirako.

Pali chinthu china chosalira tambala. Mwana akabadwa, magazi ake ena amakhala akadali mu nsengwa. Mzamba akadikira mphindi imodzi asanamange mchombo, magaziwo amalowa mwa mwana. WHO imalangiza choncho ngakhale kwa obadwa masiku asanakwane, pokhapokha ngati mwana akufunika kumuthandiza kupuma pompopompo.

Chondidandaulitsa kwambiri ine chili kunyumba. Njira ya kangaru, yomumangirira mwana pachifuwa, idayambira ku Bogotá mu 1978 ndipo idafika pachipatala cha Zomba mu 1999. Yapulumutsa ambiri, ana akutuluka msanga. Koma magazi amatsikitsitsa mwana akafika masabata 4 mpaka 8, nthawi imene mayi ali kale kumudzi. Tsiku lobwerera kuchipatala likafika, ndalama ya kabaza palibe, mvula ikagwa mtsinje wadzaza, apongozi akuti mwana wanthete sayenda naye. Kamwana kamayamba kuyera m'manja ndi m'zikope, kuyamwa mwaulesi, kupuma mothamanga kapena kudukiza, sikelo osakwera. Ena amathamangira kwa asing'anga. Abambo inu, tsiku limenelo tsekani okala, muwaperekeze mayi, ndipo madontho a ayironi akalembedwa asadumphe.

Zikafika poipa, mankhwala ndi kumuwonjezera magazi basi. Kamwanako kamangofuna masupuni ang'ono atatu kapena anayi, koma nawonso ayenera kuchokera mwa munthu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi pa Balaka pomwepo, limadalira kwambiri ana asukulu. Sukulu zikatsekera, mafiriji amapepuka. Ophunzira akuchita mbali yawo. Nanga ife a mumsika, amene sitipita kuholide, tidapereka liti?