Mayina a mathiraki akutha, ogula atsala ndi ochepa osankhapo

Feteleza amene mwathira kumunda, simenti imene mwamangira nyumba komanso malata amene mwafolera, zonsezi zisanafike mu sitolo ya kwanuko zidagona panja masiku angapo pamsana pa thiraki.

Katundu wambiri wotereyu amabwera pa ngolo yopanda mbali ngakhale denga, imene madalaivala amaitchula kuti flatbed. Ndi thandala chabe la zitsulo lokhala ndi matayala pansi. Chimene chimagwira katunduyo kuti asagwe ndi malamba, matcheni, tenti ndi luso la dalaivala pamodzi ndi womuthandiza wake.

Tangoganizani matani 30 a feteleza ochokera ku doko la Beira m'dziko la Mozambique. Amenewa ndi matumba 600 a makilogalamu 50 lililonse. Matumbawa sangounjikidwa ngati nkhuni. Amasanjidwa kuti kulemera kugawanike bwino kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, chifukwa pa sikelo, monga ya ku Balaka, amayeza ekiselo iliyonse payokha. Katundu akalemerera mbali imodzi pali chindapusa, ndipo thiraki siichoka mpaka matumba atasanjidwanso.

Kusanja kukatha pamabwera ntchito ya tenti. Tentiyo ndi yolemera moti anthu awiri amaikweza akubuula, ndipo poyala amayenda pamwamba pa katundu, mamita angapo kuchokera pansi. Kukakhala mphepo tenti imasanduka tanga la bwato, ndipo munthu akapanda kusamala imamugwetsera pansi.

Dalaivala wodziwa ntchito akayenda makilomita ochepa amaima n'kukungitsanso malamba, poti katundu akagwedezeka amakhazikika ndipo malamba amakhwepa. Amatero ulendo wonse, kudutsa ku Chimoio, m'dzuwa loswa mtengo la ku Tete mpaka kukwera mapiri opita ku Zobue ndi Mwanza. Pa zitunda zotere, pamene thiraki ikukwawa ngati nanzikambe, ndi pamenenso akuba amakonda kukwera kumbuyo n'kung'amba tenti. Thumba likasowa kapena mabelo a fodya akanyowa ndi mvula popita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, woyamba kufunsidwa ndi dalaivala.

Komatu luso lonseli lilibe phindu ngati mutu wa thiraki, umene umakoka ngoloyo, wafa. Madalaivala ambiri ndalama yooneka amaipeza akayenda ulendo. Thiraki ikagona sabata zitatu pa galaja kudikira chitsulo chimodzi, kunyumba fizi ya ana ndi lendi zimagonanso. Apa ndi pamene nkhani ya makampani opanga mathiraki, ngakhale ali kutali, imafika mpaka pa mbale ya nsima.

Akuluakulu akukumbukira malole a Bedford ndi Leyland amene ankanyamula chimanga ndi mtedza m'misika ya kumidzi. Pambuyo pake m'misewu mudadzaza ERF ndi Foden ogwiritsidwapo ntchito ochokera ku Britain, komanso Freightliner Argosy ndi International ochokera ku South Africa. Maiko awiriwa ndiwo akhala msika wathu kaamba koti nawonso amayendetsa galimoto kumanzere kwa msewu, choncho chiwongolero chimakhala kumanja ngati kuno.

Lero ambiri mwa mayinawa ali m'manda. Bedford idasiya kupanga malole akuluakulu mu 1986. Foden ndi ERF, onse a m'tauni ya Sandbach ku England ndiponso oyambitsidwa ndi banja limodzi, adatha motsatizana: Foden mu 2006 ili m'manja mwa kampani ya ku America ya Paccar, ndipo ERF mu 2007 ili m'manja mwa MAN ya ku Germany. Argosy, imene madalaivala a m'chigawo chino cha Africa ankaikonda zedi, idasiya kupangidwa mu 2020.

Amene atsala adamezana. Daimler, eni a mathiraki a Mercedes-Benz, adagula Freightliner mu 1981 ndi Western Star mu 2000. Paccar ili ndi Kenworth ndi Peterbilt, ndipo idagula DAF mu 1996 ndi Leyland mu 1998. Volvo idatenga Renault ndi Mack mu 2001. Scania ndi MAN ali pansi pa Traton, nthambi ya Volkswagen, imene mu 2021 idagulanso Navistar, opanga International. Kunena kwina, mayina ambiri amene mumawaona pamphumi pa mathiraki a ku Ulaya ndi America ndi ana a mabanja anayi okha.

Chidachititsa n'chiyani? Paja mutu umodzi susenza denga. Maboma a ku Ulaya ndi America akhala akukhwimitsa malamulo ochepetsa utsi woipa wa dizilo, ndipo kupanga injini yatsopano yokwaniritsa malamulowo kumadya ndalama zankhaninkhani zimene kampani yaing'ono singazikwanitse. Ngakhale Caterpillar, ndi ukulu wake wonse, idalengeza mu 2008 kuti pofika 2010 isiya kupanga mainjini a mathiraki a pamsewu ku America, ndipo idasiyadi.

Kale wogula ERF, Foden kapena Argosy ankatha kusankha injini ya kumtima kwake. Wina ankafuna Cummins, wina Caterpillar, ndipo pa Argosy padalinso Detroit. Giyabokisi ya Eaton Fuller inkapezeka m'mathiraki a mayina osiyanasiyana. Ubwino wake udali woti chitsulo chochotsedwa pa thiraki ina chinkalowa pa inzake, ndipo makaniko wa ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre akadziwa injini imodzi ankatha kuthandiza anthu ambiri.

Masiku ano makampani akuluakuluwa amakonda kuika injini ndi giyabokisi zawozawo. Magiya ambiri amasintha okha, monga I-Shift imene Volvo idayamba kugulitsa mu 2001, ndipo chilichonse chimalamulidwa ndi kompyuta. Mathiraki otere amamwa dizilo wochepa, satopetsa dalaivala ndipo utsi wake sudwalitsa anthu ngati wa akale aja. Koma amafuna dizilo woyera wopanda zosakaniza komanso madzi apadera otchedwa AdBlue. Kachipangizo kamodzi kakaona cholakwika, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini ndipo thiraki imayenda ngati yodwala. Zikatero sipanala ndi hamala sizithandiza. Pamafunika munthu wokhala ndi makina owerengera kompyutayo, ndipo munthu wotere sapezeka pa malo ochitira malonda alionse.

Mpata umene wasiyidwawu akuutseka ndi mathiraki a ku China monga Howo, Shacman ndi FAW. Mtengo wake ndi wotsikirapo, ndipo ambiri amene amabwera kuno ndi osavuta kukonza poyerekeza ndi atsopano a ku Ulaya. FAW idatsegula fakitale yake ku Coega m'dziko la South Africa mu 2014, zimene zidabweretsa mathiraki ndi zitsulo zake pafupi. Ngakhale apa maukwati a makampani alipo, poti mu 2009 MAN idagula gawo limodzi mwa magawo anayi a Sinotruk, opanga Howo.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mabanja amene amasonkha ndalama za fodya, za penshoni kapena zotumizidwa ndi mwana wa ku Johannesburg n'cholinga chogula thiraki imodzi yoti iziwadyetsa. Thiraki yakale yotchipa ikhoza kukhala ya dzina limene lidatha kale, ndipo zitsulo zake zina, makamaka za kebu ndi magetsi, zikunka zisowa chaka ndi chaka. Yatsopanoko yochokera ku Britain ikhoza kukhala yokongola koma yosowa woidziwa ikadwala pakati pa Tete ndi Zobue.

Safunsa adadya phula. Musanapereke ndalama, pitani kaye kwa makaniko wa m'dera lanu mukamufunse injini zimene amazidziwa. Pitaninso kwa ogulitsa zitsulo mukamve ngati za thirakiyo zili pa shelefu kapena n'zochita kuitanitsa kunja, ndiponso kuti zimatenga masiku angati. Kenaka chezani ndi dalaivala amene wayenda nayo mtundu womwewo m'misewu yathu ino nthawi ya dzinja.

Musaiwalenso kusiyako ndalama ya tenti yabwino, malamba atsopano ndi matcheni. Mutu wa thiraki ungakhale wa dzina lililonse, koma mwini katundu akamalandira amawerenga matumba 600 aja, ndipo amafuna onse akhale ouma.