Anatisamala pa mliri, nanga iwo adawasamala ndani?

Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti matenda a Covid-19 sakuopsanso monga kale. Kuno ku Fonte Boa nsalu zotseka pakamwa tidaziponya kutali, msika wa kachewere udayambanso kuyenda bwino, ndipo ambiri a ife tidaiwala. Koma anamwino ndi ena ogwira ntchito m'zipatala zathu, kuchokera pa mishoni pano mpaka ku chipatala chachikulu cha ku Ulongwe, ena mwa iwo nthawi ija idakali m'mitima mwawo.

Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'dziko muno adadziwika pa 22 Marichi 2020, ndipo pa 1 Epulo malamulo okhwima omwe adalengeza Pulezidenti Filipe Nyusi adayamba kugwira ntchito. Sukulu zidatsekedwa, pa maliro padaletsedwa chinamtindi cha anthu. Ife tidauzidwa kukhala pakhomo, pamene namwino ankadzuka m'mamawa kukakumana ndi odwala chifuwa osadziwa kuti ali ndi kachilomboka ndani. Katemera adayamba kuperekedwa mu Marichi 2021, kutanthauza kuti pafupifupi chaka chathunthu ankagwira ntchito popanda chitetezo chimenechi.

Madzulo akaweruka, mantha ankapita nawo kunyumba. Mwana akathamanga kudzamulandira, iye ankayamba waganiza ngati sakumubweretsera matenda. Kwa anansi athu ku Malawi zidamveka kuti anamwino ena ankakanizidwa kukwera minibasi poopa kuti apatsira anthu, ndipo mu Epulo 2020 ogwira ntchito m'zipatala kumeneko adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera.

Mantha awowo adali ndi chifukwa. WHO idati ogwira ntchito za umoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 adamwalira ndi Covid-19 pa dziko lonse kuyambira Januwale 2020 kufika Meyi 2021. Idatinso m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi kukhumudwa adakwera ndi 25 peresenti.

Matenda a maganizo saoneka ngati chilonda cha pamwendo. Munthu amasowa tulo, chakudya sichimukoma, amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amadzipatula kwa anzake, mwinanso amayamba kumwa mowa mopyola muyeso. Namwino akatilankhula mwaukali timafulumira kunena kuti ngwamwano. Mwano ngoipa ndithu, koma nthawi zina ndi kutopa kwa zaka zambiri komwe sadakuuzepo munthu, poopa kuti anthu adzati wochiza anzake wafooka.

Chithandizo chilipo. Kuyambira 1996 dziko lathu lakhala likuphunzitsa akatswiri a matenda a maganizo otchedwa técnicos de psiquiatria, omwe amatumizidwa m'zipatala za m'maboma. Thandizo lawo ndi la aliyense, namwino ngakhalenso mlonda wa pachipatala. Amene wayamba kuganiza zodzipha asagonekedwe pakhomo, aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ngati m'banja mwanu muli wogwira ntchito kuchipatala, khalani naye pansi mumufunse za nthawi ija, ndipo mumumvetsere osamudula mawu. Amfumu ndi atsogoleri a mipingo, pa misonkhano yanu atchuleni anthuwa ndi kuwathokoza. Mliri wina ukadzabwera, monga kolera imachitira nthawi ya dzinja, tidzathamangiranso kwa iwo omwewo.