Formula 1: mpikisano wa liwiro kapena wa matumba?

Mu November 2023, anthu zikwizikwi omwe adagula matikiti okwera mtengo kuti akaonere tsiku loyamba la mpikisano wa galimoto za Formula 1 mumzinda wa Las Vegas ku America adangoona galimotozo kwa mphindi 8 zokha. Galimoto ya Carlos Sainz, yemwe panthawiyo adali wa timu ya Ferrari, idagunda chivundikiro chachitsulo chomwe chidazuka pamsewu, ndipo zoyeserera zidaimitsidwa. Pomwe zinkayambiranso cha m'ma 2:30 usiku, oonera adali atawatulutsa kale. Omwe adali ndi tikiti ya tsiku limodzi adangowapepesa ndi chikalata cha madola 200 chokagulira katundu m'sitolo ya mpikisanowo. Ena adakamang'ala kukhoti.

Nkhaniyi imatchulidwabe otsatira masewerowa akamatsutsana pa funso lomwe lawagawa: kodi Formula 1 ikadali ya munthu wokonda liwiro, kapena yasanduka phwando la mpondamatiki?

Zinthu zidayamba kusintha mu 2017 pomwe kampani ya ku America ya Liberty Media idagula mbali ya malonda ya masewerowa, n'kuchotsa pampando Bernie Ecclestone yemwe adawayendetsa kwa zaka zambiri. Mu 2019 Netflix idayamba kuonetsa pulogalamu ya Drive to Survive, yomwe idakopa achinyamata ndi amayi ambiri omwe kale sankalabadira za galimotozi. Ofuna matikiti adachuluka, mitengo nayo idakwera.

Otsatira akale amadandaula kuti mipikisano ikupita komwe kuli ndalama. Saudi Arabia ndi Qatar adalowa mu 2021, Miami mu 2022, Las Vegas mu 2023, mpaka mipikisano idafika 24 m'chaka cha 2024. Pomwepo France idatuluka pamndandanda chaka cha 2022 chitatha, ndipo bwalo la Spa-Francorchamps ku Belgium, lomwe oyendetsa ambiri amalikonda, lidzapumula mu 2028 ndi 2030. Chifukwa chake n'chosabisika. Pafupifupi malo onse amalipira kuti alandire mpikisano, ndipo bwalo lomwe limadalira matikiti silingapikisane ndi boma lomwe likutapa m'thumba la mafuta.

Komabe si zoona kuti ulemerero wabwera ndi eni atsopanowa. Mpikisano wa ku Monaco udayamba mu 1929, ndipo mbiri yake ndi ya anthu olemera oonerera ali m'maboti awo padoko. Vuto ndi lakuti misewu yake ndi yopapatiza pomwe galimoto za lero ndi zazitali ndi zotambalala, moti kupitirirana n'kovuta. Mu 2024 oyendetsa 10 oyambirira adamaliza m'ndondomeko yomweyo yomwe adanyamukira. Ena amati Monaco angochotsedwa. Ena amati luso lenileni la kumeneko limaoneka Loweruka, oyendetsa akamalimbirana malo onyamukira kwinaku akupala zipupa.

Pomwe pali mtsutso waukulu ndi pa ndalama zomwe matimu amagwiritsa ntchito. Kale timu iliyonse inkamwaza monga ingathere, ndipo zing'onozing'ono zinkafera m'njira: HRT idatseka mu 2012, Caterham itatha 2014, Manor kumayambiriro kwa 2017. Banja la Williams, lomwe lidapambanapo zikho zambiri, lidagulitsa timu yake mu 2020. Mercedes idatenga chikho cha matimu zaka 8 zotsatizana, kuyambira 2014 mpaka 2021.

Pofuna kuchepetsa kusiyanaku, bungwe loyendetsa masewerowa la FIA lidaika malire a ndalama: madola 145 miliyoni mu 2021, 140 miliyoni mu 2022 ndi 135 miliyoni mu 2023, ngakhale chiwerengerochi chimasinthidwa potsata kukwera mitengo kwa zinthu. Malipiro a oyendetsa, a akuluakulu atatu olandira kwambiri komanso ndalama zotsatsira malonda sizili m'malirewo. Palinso lamulo loti timu yomwe ili kumunsi imapatsidwa nthawi yambiri yoyesera mmene mphepo imadutsira pagalimoto kuposa yomwe ili pamwamba.

Lamuloli lidakumana ndi mayeso msanga. Mu October 2022 FIA idapeza kuti Red Bull idadumpha malire a 2021, ndipo idaipatsa chindapusa cha madola 7 miliyoni n'kuichepetsera nthawi yoyesera galimoto ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Otsatira Mercedes, omwe ankamvabe kuwawa ndi mmene Lewis Hamilton adaluzira chikho cha 2021 ku Abu Dhabi, adati chilangocho n'chongosisita. Chaka chotsatira chidaoneka ngati chikuwavomereza, chifukwa Red Bull idapambana mipikisano 21 mwa 22, ndipo 19 mwa iyo adatenga ndi Max Verstappen yekha.

Koma oikira kumbuyo lamuloli ali ndi umboni wovuta kuutsutsa. Mu 2024 oyendetsa 7 a matimu anayi adagawana mipikisano yonse, ndipo McLaren idatenga chikho cha matimu koyamba chichokereni 1998. Chomwe lamuloli silidathe kufafaniza ndi mafakitale, zipangizo ndi akatswiri omwe matimu akuluakulu adali atasonkhanitsa kale.

Malirewa adabweretsanso china chomwe ambiri sadachiganizire. Matimu adasiya kukhala dzenje lotayamo ndalama n'kukhala bizinesi yaphindu, ndipo eni ake safuna kugawana chakudyacho ndi mlendo. Pempho la banja la Andretti lolowetsa timu ya nambala 11 lidakanidwa mu January 2024 ngakhale FIA idali italivomera, zomwe zidakwiyitsa otsatira ambiri. Khomo lidatseguka pokhapo kampani ya General Motors italonjeza kulowa mwamphamvu ndi dzina la Cadillac kuyambira 2026.

Njira yofikira pachiwongolero nayo ndi ya ndalama. Bambo ake a Hamilton ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana wawo athe kupikisana pa tigalimoto ta ana, ndipo Hamilton mwiniwake adanenapo kuti mwana wochokera m'banja ngati lake sangafikeko masiku ano.

Kwa otsatira a mu Africa, dandaulo la mtengo wa tikiti lili patali, chifukwa palibe bwalo lopitako. Mpikisano womaliza kuno udachitikira ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, mu 1993. Mu December 2024 Pulezidenti Paul Kagame adalengeza ku Kigali kuti Rwanda ikufuna kulandira mpikisanowu, ndipo South Africa nayo ikufuna ubwerere kwawo. Maiko onse awiri ayenera kuyamba asonyeza komwe azitenga madola mamiliyoni ambiri omwe eni Formula 1 amafuna chaka ndi chaka.