CAKUDYA CA TIZIROMBO TABWINO M'MATUMBO A NKHUKU

Alimi ambiri amene aweta nkhuku za nyama zochedwa broiler ali ndi cizolowezi cothira mankhwala opha tizirombo m'madzi a anapiye masiku onse, ngakhale anapiyewo sadwala. Cizolowezi cimeneci cimatha ndalama, ndiponso tizirombo ta matenda timafika pozolowera mankhwalawo, kotero kuti tsiku limene nthenda ibwera mankhwala sagwiranso nchito. Maiko a cigwirizano ca ku Ulaya analetsa kupatsa ziweto mankhwala otere cifukwa cofuna kuzinenepetsa kuyambira caka ca 2006. Cimodzi mwa zinthu zimene zinalowa m'malo mwace ndico cakudya coonjezera cimene pa Cingerezi cichedwa prebiotic.

Kuti timvetse nchito yace tiyenera kuyang'ana m'mimba mwa nkhuku. Amai onse amene anatumbulapo nkhuku adziwa timatumba tiwiri tatitali timene tiri ca kumapeto kwa matumbo. M'menemo mukhala tizirombo tosawerengeka tosaoneka ndi maso. Tina nta matenda, monga Salmonella, koma tambiri ntabwino. Tabwinoto tikacuruka timasasitsa cakudya cotsala ndi kuturutsa madzi owawasa amene tizirombo ta matenda sititha kukhalamo bwino. Madzi omwewo amalimbitsa khungu la m'kati mwa matumbo, limene limayamwa cakudya kuti cilowe m'thupi.

Mwanapiye wa nkhuku ya pamudzi alandira tizirombo tabwino timeneti kwa mace, pakuti amatolatola pamene mace waponya zitosi. Mwanapiye wa broiler aswedwa m'makina, ndipo mace samuona konse. Caka ca 1973 katswiri wa ku Finland dzina lace Esko Nurmi anaonetsa kuti anapiye otere akamwetsedwa za m'matumbo a nkhuku yaikuru yathanzi, Salmonella alephera kukhazikika mwa iwo. Apa ndipo pali bvuto la broiler: iyamba moyo ndi matumbo osakonzeka, pamene ife tifuna kuigulitsa itangokwana masabata 6.

Prebiotic si mankhwala iai, ndiponso si tizirombo tamoyo. Ndi mtundu wa shuga umene nkhuku yeniyeniyo siitha kugaya, kotero umapitirira mpaka kufika ku timatumba tija, kumene tizirombo tabwino tiudya ndi kuswana. Dzinali analipereka Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid caka ca 1995. Mtundu wina uchedwa inulin, ndipo ucokera ku mizu ya comera cochedwa chicory. Mtundu wina, umene pa matumba ulembedwa MOS, ucokera ku makungu a yisiti, yemweyo wotupitsira buledi. Umenewu uli ndi ucenjezi wace: tizirombo tina ta matenda timakangamira pa iwo m'malo mokangamira pa matumbo, ndipo timaturukira pamodzi ndi zitosi.

Muyeso wace ngwocepa ndithu. Kawirikawiri MOS athira magalamu 50 kufikira 100 pa thumba la cakudya la makilogalamu 50, koma tsatani zimene zalembedwa pa paketi. Yambani kusanganiza ufawo ndi cakudya ca m'beseni limodzi, pambuyo pace musanganize ndi thumba lonse. Mukangothira pamwamba, nkhuku zina zidzadya wocuruka, zina osalawako. Wocurukitsa umatsegula nkhuku m'mimba ndi kunyowetsa utuci. Nthawi imene uthandiza koposa ndiyo masabata awiri oyamba. Musanagule, funsani wogulitsa cakudya ngati sanathiremo kale, pakuti kulipira kawiri cinthu cimodzi nkutaya ndalama.

Tinene poyera kuti phindu lace silifanana m'makola onse. Pamene anapiye ali pa ukhondo ndi cakudya cabwino, kusiyana kwace nthawi zina nkwakung'ono. Ndipo wina asakunyengeni kuti prebiotic iciza cideru kapena Gumboro. Matenda amenewa afuna katemera pa masiku ace. Utuci ukhale wouma, zomwera zitsukidwe tsiku ndi tsiku. Mukaona zitosi za magazi, kapena anapiye atazolika ndi kugwetsa mapiko, patulani odwalawo ndi kuitana mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.