Ntchito ya boma iyamba ndi mapepala

Mmisiri wa ku Zobue amene afuna ntchito ya boma, kaya kumanga chipinda cha sukulu kapena kukhoma madesiki, asathamangire kugula simenti. Ayambe wakonza mapepala.

Lamulo la kagulidwe ka boma m'Mozambique muno lakhala likusintha: linalembedwa mu 2005, nkukonzedwanso mu 2010 ndi mu 2016. Kenaka panabwera Decreto 79 ya pa 30 Disembala 2022. Ofesi ya boma yogula katundu imakhala ndi kagulu kotchedwa UGEA, kamene kamalengeza mpikisano ndi kuyendetsa mapepala ake. Kwa ife a kumalire kuno, nkhani zotere zimathera ku Moatize.

Chokondweretsa nchakuti lamulolo lili ndi mpikisano wa ntchito zazing'ono, concurso de pequena dimensão, wosungidwira munthu payekha ndi makampani ang'onoang'ono. Komabe wopanda nambala ya msonkho, NUIT, asayembekeze kulowamo. Wogonja mokayikitsa ali ndi ufulu wodandaula, koma molemba, ndipo masiku ake ngowerengeka.

Vuto ndi ili: zonsezi zili m'Chipwitikizi, ndipo ulendo wa ku Moatize pa mseu wa N7 umadya ndalama ya chapa mmisiri asanaone nkomwe ntchitoyo.