Foni ikajambula graph ku Thuchila

Mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila amene wagula waya wa mamita 40 kuti atchinge dimba la tomato, mbuzi zisamalowe, wagwira kale funso la masamu a kusekondale ngakhale iye sangalitchule choncho. Dimba la ngodya zinayilo alitalikitse bwanji kuti malo olima akule? Mbali imodzi ikakhala x, inzake ndi 20 − x, ndipo kukula kwa dimba lonse ndi y = x(20 − x).

Mwana wa sukulu akapatsidwa funsoli amatenga pepala la timabokosi, kuwerengera manambala m'tebulo, kudontheza timadontho ndi pensulo, n'kulumikiza mosamala kuti dzanja lisanjenjemere. Phunziro limatha ena asanafike pakati. M'pulogalamu ya GeoGebra mzerewo umatulukira munthu akangomaliza kulemba: wooneka ngati chulu, nsonga yake ili pamene x ndi 10 ndipo y ndi 100. Ndiye kuti dimba lofanana mbali zonse ndilo lopambana.

GeoGebra anaiyamba Markus Hohenwarter mu 2001 ali wophunzira pa yunivesite ya Salzburg ku Austria, ndipo mphunzitsi kapena mwana wa sukulu salipira kanthu poigwiritsa ntchito. Inzake ndi Desmos, yomwe Eli Luberoff anayambitsa ku America mu 2011. Chimene chikukhudza kwambiri anthu a ku Thuchila n'chakuti zonse ziwiri zikangolowa m'foni zimajambula graph popanda intaneti. Bandulo ya Airtel kapena TNM imafunika tsiku loyamba lokha. Achinyamata amapatsirana kale nyimbo ndi mafilimu pa Xender, ndipo njira yomweyo imanyamulanso mapulogalamu a Android. Chotsala ndi kutchaja basi, magetsi a ESCOM akalola kapena pa sola ya mnansi.

Ubwino weniweni suli pa liwiro. Mphunzitsi akalemba y = ax², pulogalamu imampatsa kabatani kotsetsereka kosinthira mtengo wa a. Akakakokera kumanja, mzere wokhotawo, womwe umatchedwa parabola, umayamba kuwonda. Akakabweza mpaka a afike pa 0, mzere umawongoka n'kugona. Akadutsa pa 0, parabola imazondoka. Kuti aonetse zimenezi ndi choko, angafunike bolodi lonse ndi ma graph angapo, ndipo ana akumbuyo amangokopera osaona chasintha.

Koma foni imamva zimene walemba, osati zimene umafuna kunena. Isanawerengere chilichonse, pulogalamu imayamba yaphwanya chiganizo cha masamu m'zidutswa: iyi ndi nambala, ichi ndi chilembo, apa tichulukitse, apa tigawe. Kenaka imasanja zidutswazo motsata lamulo lomwe ana amaloweza lija la BODMAS. Wofuna kugawa 1 ndi x + 2 akaiwala mabulaketi n'kulemba 1/x + 2, amalandira graph ina ndithu, yokongola bwino koma yolakwika, ndipo palibe chomuchenjeza. Ngakhale mapulogalamu okhaokha samvana pa zonse: −3^2 mu GeoGebra ndi −9, pomwe Excel imati 9.

Wokhwimitsa malamulo kuposa onse ndi Maxima, agogo a mapulogalamuwa. Inachokera ku Macsyma ya ku MIT yomwe inayamba mu 1968, ndipo mu 1998 William Schelter anapeza chilolezo choitulutsa kuti aliyense aione mkati ndi kuisintha. Mu Maxima 5x sadziwika. Pamafunika kanyenyezi, 5*x. Ukailembera solve(x^2-5*x+6=0, x); imayankha kuti x ndi 2 kapena 3, osakuuza njira yomwe yadzera.

Photomath, yochokera ku Croatia yomwe pano ili m'manja mwa Google, ndiyo yokopa ana kwambiri. Umangoloza kamera pa funso la m'buku, yankho n'kubwera ndi njira yake yomwe. Apa mphunzitsi ali ndi chifukwa chodera nkhawa, pakuti ntchito ya kunyumba ikhoza kubwera yokhoza yonse kuchokera kwa mwana amene sanagwire pensulo. Tsiku la mayeso a MSCE bungwe la MANEB silola foni m'chipinda. Mwana amatsala ndi lula, pensulo, kakyuleta ndi pepala la timabokosi lija. N'chifukwa chake dongosolo lanzeru n'lakuti ajambule kaye yekha, foni ibwere pambuyo kudzaona ngati nsonga ya parabola yagwera pamalo pake.

Boma layamba kale kuika matabuleti m'sukulu kudzera mu ndondomeko ya BEFIT yomwe inayamba mu 2023, ndipo muli pulogalamu ya bungwe la onebillion yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Komatu imeneyo ndi ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Wa Folomu 3 pa CDSS, yemwe akulimbana ndi ma quadratic equation, sali m'gulu limenelo. Chida chomwe ali nacho pafupi ndi foni ya aphunzitsi, yomwe ingayendetsedwe benchi ndi benchi, ana akusinthana kukoka kabatani ka a.