Kukongola kwa wojambulidwa sikuphunzitsa dzanja

M'masukulu a zojambulajambula ku Ulaya ndi ku America muli phunziro lomwe lakhalapo zaka zoposa 400, kuyambira nthawi ya akatswiri a banja la Carracci ku Bologna, m'dziko la Italy. Munthu amavula mkanjo n'kuima pakati pa chipinda, ophunzira atamuzungulira ndi makala ndi mapepala. Poyamba amasinthasintha kaimidwe pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako amakhala phee kwa mphindi 20 kapena kuposerapo.

Ongomva za phunziroli amakonda kufunsa kuti: nanga akakhala chiphadzuwa kapena mnyamata wadzitho, ophunzira sabalalika maganizo?

Mantha amenewa ndi akale. Pomwe sukulu ya zojambulajambula ya Royal Academy idakhazikitsidwa ku London mu 1768, mwa oiyambitsa mudali amayi awiri, Angelica Kauffman ndi Mary Moser. Koma pa chithunzi cha Johan Zoffany chosonyeza mamembala atazungulira amuna ojambulidwa, amayiwo akuoneka ngati zithunzi zopachika pakhoma basi. Ku Philadelphia, mphunzitsi Thomas Eakins adakakamizidwa kutula pansi udindo mu 1886 atachotsa kansalu ka m'chiuno mwa mwamuna wojambulidwa pamaso pa ophunzira aakazi.

Komatu ntchito ikayamba, mutu umadzaza ndi zina. Wophunzira amatambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, n'kumayeza ndi pensulo. Kutalika kwa munthu wamkulu kumakwana pafupifupi mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka. Phewa lapendekera kuti? Ndi mwendo uti wasenza thupi? Nthawi ndi yochepa, yosirira palibe.

Vuto lomwe kukongola kumabweretsa ndi lina. Thupi losalala, lofanana ndi la pa zikwangwani zotsatsa malonda, limanyenga dzanja. Wophunzira amayamba kujambula chomwe chili kale m'mutu mwake: amachepetsa chiuno, amatalikitsa miyendo, amafufuta makwinya poopa kunyozetsa munthu. Wasiya kuyang'ana. Pomwe thupi la nkhalamba, la wonenepa kapena la woonda limamukakamiza kupenyetsetsa, chifukwa mafupa, mapindo a khungu ndi mithunzi zili pomwe sadaziyembekezere.

Katswiri wojambula Lucian Freud adazidziwa izi. Mu 1995 adajambula Sue Tilley, mayi wathupi lalikulu yemwe ankagwira ntchito ku ofesi yothandiza ofuna ntchito ku London, atagona pa sofa yakutha. Chithunzicho, Benefits Supervisor Sleeping, chidagulidwa pa madola 33.6 miliyoni ku New York mu 2008, mtengo womwe panthawiyo udaposa wa chithunzi chilichonse cha wojambula wamoyo chogulitsidwa pa okushoni. Freud sadabise kulemera kwa thupilo, ndipo mphamvu ya chithunzicho yagona pomwepo.

N'chifukwa chake wojambulidwa wabwino amadziwika ndi luso lake: kupirira dzanzi osagwedezeka, kusankha kaimidwe kophunzitsa, ndi kubwerera ndendende pomwe adali akatha kupuma. Imeneyi ndi ntchito yolemetsa, ndipo malamulo a m'kalasi amaiteteza. Ophunzira saloledwa kumukhudza, kumutola chithunzi pa foni popanda chilolezo, kapena kuyankhulapo za maonekedwe ake.

Sukulu yosankha ojambulidwa potengera nkhope imawamana ophunzira ake. Adzatuluka akudziwa thupi la mtundu umodzi, chonsecho anthu omwe adzawajambule pa moyo wawo wonse ndi amisinkhu ndi matupi osiyanasiyana, ndipo aliyense mwa iwo ngoyenera kumuyang'ana mwachidwi ndi mwaulemu.